AYODINI WA M'MCHERE NDI AYODINI WA M'BOMBA: ZOMWE WAZAUMOYO AYENERA KUDZIWA

M'gawo la sewero la pa wailesi lomwe mutu uno wachokerapo, mayi wina anafika ku chipatala ndi chotupa cha pakhosi ataperekezedwa ndi mwana wake wa ku sekondale. Mnyamatayo anauza namwino kuti anamva pa nkhani za kunja kuti mabomba a nyukiliya amatulutsa ayodini, ndipo ayodiniyo amayambitsa khansa ya pakhosi. Tsono anafunsa kuti, ngati ayodini ali woopsa chotere, bwanji a zaumoyo akulimbikitsa anthu kudya mchere wa ayodini? Namwino uja anangoti, "Zimenezo nza azungu, iwe usatisokoneze," nkuitana wodwala wina.

Pokambirana m'gulu lathu lomvera wailesi pa Boma pano pa Mulanje, ambiri anaseka. Koma titafunsana kuti inuyo mukanamuyankha chiyani mnyamatayo, panakhala bata. Mlangizi wina wa zaumoyo ndiye ananena mfundo yomwe inatigwira tonse. Iye anati banja limenelo likafika kumudzi lisiya kugula mchere wa ayodini, ndipo likauzanso anansi. Yankho la namwino lija linali lachidule, koma mtengo wake adzalipira ndi ana omwe sanabadwe. Nchifukwa chake tiyenera kuidziwa nkhaniyi bwino, ngakhale bomba la nyukiliya silinaphulitsidwepo m'dziko lathu.

Kachiwalo kamene kamamwa ayodini

Kumudzi tikati "ali ndi chithokomiro" timanena chotupa chija chooneka pakhosi. Koma kachiwalo ka chithokomiro aliyense ali nako, kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Ntchito yake ndi kupanga timadzi ta m'thupi tomwe timayendetsa kakulidwe ka thupi ndi ubongo, kugunda kwa mtima ndiponso kutentha kwa thupi. Kuti kapange timadziti kamafuna ayodini. Munthu wamkulu amafuna mamayikulogalamu 150 pa tsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Ndi pang'ono kwambiri, koma akasowa, kachiwaloko kamatupa pofuna kukolola ayodini yense wopezeka m'magazi. Mwana yemwe mayi ake anasowa ayodini ali ndi pakati angathe kubadwa wopinimbira, wosamva, kapena wochedwa kugwira zinthu m'kalasi.

Mfundo yofunika kuigwiritsa ndi iyi: chithokomiro sichisankha. Ayodini aliyense wolowa m'thupi, wabwino kapena woopsa, chimamukoka ndi kumusunga.

Ayodini wa m'bomba asiyana pati ndi wa m'mchere?

Ayodini wa m'mchere, wa m'nsomba za m'nyanja ya mchere ndi wa m'nthaka ndi wokhazikika. Satulutsa kanthu, ndipo akhoza kukhala zaka zikwizikwi osasintha. Akatswiri amamutcha ayodini 127.

Wa m'bomba amamutcha ayodini 131. Ameneyu amapangika pamene yureniyamu kapena pulutoniyamu akusweka m'kati mwa bomba, kapena m'ng'anjo zopangira magetsi a nyukiliya. Alibe fungo, saoneka, ndipo thupi limamulandira ngati mnzake uja. Kusiyana kwake nkwakuti iye ndi wosakhazikika: amaphwanyika pang'onopang'ono, ndipo pophwanyikapo amatulutsa cheza chomwe chimavulaza nyama ya thupi yomwe wayandikana nayo. Popeza amakadzikundika m'chithokomiro, chovulala kwambiri ndi chithokomirocho.

Ubwino wake umodzi ngwakuti sakhalitsa. Pa masiku 8 alionse, theka la iye limatha. Tiyerekeze ndi matumba 16 a chimanga m'nkhokwe: pakatha masiku 8 patsala matumba 8, pakatha masiku 16 patsala 4, pa masiku 24 patsala awiri, pa masiku 32 patsala limodzi. Pofika masiku 80 chotsala sichikwana gawo limodzi mwa magawo 1,000. Choncho ngozi yomeza ayodiniyu ili m'masabata oyambirira okha. Koma bala lomwe wasiya m'chithokomiro cha mwana likhoza kudzaonekera patapita zaka zisanu, khumi, ngakhale makumi atatu.

Njira yake yaikulu ndi mkaka

Ambiri m'gulu lathu ankaganiza kuti munthu amangomupuma ndi mpweya. Zimatero ndithu kwa omwe ali pafupi, koma njira yomwe inavulaza ana ochuluka ndi ya chakudya. Bomba likaphulika pamtunda, fumbi lake limakwera kumwamba ndi kutengedwa ndi mphepo mtunda wautali. Mvula ikagwa limatsika nkutera pa msipu, pa ndiwo za masamba ndi m'madzi osavundikira. Ng'ombe imadya msipu wa malo aakulu tsiku limodzi, ndipo ayodini yemwe yatola amatulukira mu mkaka. Mbuzi ndiye imaposa: mkaka wake umatenga ayodiniyu pafupifupi kakhumi kuposa wa ng'ombe. Mayi woyamwitsa nayenso amamupatsira kwa mwana kudzera m'bere, ndipo mwana wa m'mimba amayamba kukoka ayodini m'chithokomiro chake mimba ikafika masabata 10 mpaka 12.

Ana ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Amamwa mkaka wambiri, matupi awo akukula, komanso chithokomiro chawo nchaching'ono. Cha khanda chimalemera galamu imodzi kapena awiri, pamene cha munthu wamkulu chimafika magalamu 15 mpaka 20. Kapu imodzi ya mkaka woipitsidwa ikagawidwa pakati pa bambo ndi khanda, cheza chomwecho chimaunjikana pa kanyama kochepa zedi mwa khandalo. Kwa munthu wopitirira zaka 40 chiopsezo cha khansa chimakhala chochepa kwambiri.

Ife a m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, komwe alimi ambiri aang'ono amaweta ng'ombe za mkaka m'khola nkumazimwetera nsenjere, mfundoyi tiyenera kuimva msanga kuposa ena.

Zomwe zinaoneka kwina

Pa 1 Malichi 1954 dziko la America linaphulitsa bomba lalikulu pa chilumba cha Bikini m'nyanja ya Pacific. Mphepo inatengera fumbi lake pa chilumba cha Rongelap, pomwe linagwa loyera ngati ufa. Ana analiseweretsa, linalowa m'zakudya ndi m'madzi akumwa, ndipo anthu anasamutsidwa patapita masiku awiri. Kwa zaka zingapo madokotala sanapeze vuto pakhosi pa anthuwo. Patatha zaka pafupifupi 9 timatotupa tinayamba kuoneka, ndipo m'kupita kwa nthawi ambiri mwa ana omwe anali osakwana zaka 10 pa tsikulo anapezeka ndi vuto la chithokomiro. Anyamata awiri anapinimbira chifukwa chithokomiro chawo chinafota.

Ku America komweko mabomba ankayesedwa pamtunda m'chipululu cha Nevada kuyambira 1951 mpaka 1962. M'chaka cha 1997 bungwe loona za khansa la National Cancer Institute linatulutsa lipoti losonyeza kuti ayodini 131 wochokera kumeneko anafika pafupifupi dziko lonselo, ndipo omwe analandira wambiri ndi omwe anali ana pa nthawiyo, makamaka omwe ankamwa mkaka wa ng'ombe kapena mbuzi ya pakhomo. Pambuyo pake bungweli linakonza malangizo a madokotala ndi anthu wamba. Mafunso ake ngosavuta: munali ndi zaka zingati, munkakhala kuti, munkamwa mkaka wanji ndipo wochuluka bwanji.

Phunziro lalikulu linachokera ku ngozi ziwiri zomwe sizinali za bomba lenileni. Mu Okutobala 1957 moto unabuka pa fakitale ya Windscale ku England, yomwe inkapanga pulutoniyamu wa mabomba. Boma linaletsa mkaka wa m'mafamu onse ozungulira, dera la masikweya kilomita pafupifupi 500, ndipo unkatayidwa kwa masabata angapo. Pa 26 Epulo 1986 ng'anjo ya magetsi ya Chernobyl ku Ukraine inaphulika. Kumeneko mabanja ambiri a kumidzi sanachenjezedwe msanga, ndipo ana anapitiriza kumwa mkaka wa ng'ombe zawo. Pofika 1990 madokotala a ku Belarus anayamba kuona khansa ya chithokomiro mwa ana, matenda omwe kale ankaoneka mwa apo ndi apo. Komiti ya United Nations yoona za cheza inawerengera kuti pofika 2005 anthu opitirira 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi zigawo zina za Russia, omwe anali ana kapena achinyamata mu 1986, anali atapezeka ndi khansayi. Omwe anali atamwalira nayo pofika chaka chimenecho anali 15, chifukwa khansa ya mtunduwu imachizika ikapezeka msanga. Koma ambiri mwa ochirawo anachotsedwa chithokomiro, ndipo akumwa mapiritsi moyo wawo wonse.

Pali china cha ku Chernobyl chomwe chikutikhudza ife mwachindunji. Madera ambiri a kumeneko anali osowa ayodini m'nthaka, ngati momwe zilili m'madera a mapiri kuno. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2005 anapeza kuti ana a m'madera osowa ayodini anali pa chiopsezo cha khansa chowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi anzawo omwe analandira cheza chofanana. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Chithokomiro cha njala chimameza ayodini aliyense wobwera, pamene chokhuta chimatengako pang'ono, wotsalayo nkutuluka ndi mkodzo. Apa ndiye pali yankho la mnyamata wa m'sewero uja: mchere wa ayodini si mnzake wa bomba ayi. Mwana wodya mchere wa ayodini ndiye ali wotetezekako.

Nanga kuno ku Africa?

Africa sanasiyidwe pambali pa nkhaniyi. Yureniyamu wambiri yemwe anagwiritsidwa ntchito pa mabomba oyamba a 1945 anakumbidwa ku Shinkolobwe m'dziko la Congo. Pa 13 Febuluwale 1960 dziko la France linaphulitsa bomba lake loyamba ku Reggane m'chipululu cha Sahara ku Algeria, ndipo linaphulitsanso ena atatu pamtunda pofika 1961 lisanayambe kuyesera pansi pa mapiri mpaka 1966. Fumbi lake linafika m'mayiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo Ghana wa Kwame Nkrumah anatsutsa kwambiri.

Nkhani ina ndi ya pa 22 Sepitembala 1979, pamene setilaiti ya America inaona kung'anima kuwiri pa nyanja kumwera kwa South Africa. Palibe dziko lomwe linavomera kuti linayesa bomba. Koma wasayansi wina wa ku Memphis, Lester Van Middlesworth, yemwe kuyambira 1954 ankasonkhanitsa zithokomiro za ziweto kuchokera m'malo ophera nyama a m'mayiko osiyanasiyana, anapeza ayodini 131 m'zithokomiro za nkhosa za ku Australia zomwe zinaphedwa masabata otsatira. Akatswiri ambiri amatenga izi ngati umboni wakuti linali bomba. Taonani momwe chithokomiro cha nkhosa chinasungira umboni womwe maboma anabisa.

Mabomba opitirira 500 anaphulitsidwa pamtunda dziko lonse lapansi. Ambiri anali kumpoto kwa dziko, choncho mbali yathu ya kumwera inalandira fumbi lochepa. America, Britain ndi Soviet Union anagwirizana zosiya kuyesera pamtunda mu 1963, France inasiya mu 1974, ndipo lomaliza linali la China mu Okutobala 1980. Tikakumbukira masiku 8 aja, tiona kuti ayodini 131 wa mabomba amenewo anatha kalekale. Sali m'nthaka yathu, sali m'madzi a Likhubula kapena Ruo, ndipo munthu wobadwa 1980 itadutsa sanamumwe.

South Africa inapanga mabomba 6 nthawi ya tsankho, kenako inawaphwasula, ndipo F. W. de Klerk anaulula izi mu Malichi 1993. Pangano la Pelindaba loletsa zida za nyukiliya mu Africa linasainidwa ku Cairo mu 1996 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2009. Malawi anavomereza pangano la United Nations loletsa zida za nyukiliya mu 2022.

Wina m'gulu anafunsa za mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009. Mgodi uli ndi ngozi zake zofunika kuziyang'anira, monga fumbi, mpweya wa radon ndi madzi otayidwa, ndipo pali bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Koma kukumba mwala wa yureniyamu sikutulutsa mtambo wa ayodini 131. Ameneyu amafuna bomba kapena ng'anjo. Tisasokoneze ziwirizi pophunzitsa anthu.

Tsono chotupa chomwe timachiona kuchipatala nchochokera kuti?

Zotupa zambiri za pakhosi zomwe timaziona m'zipatala zathu nzochokera ku kusowa kwa ayodini wabwino uja. Kuno m'tsinde mwa phiri mvula imagwa yambiri, ndipo kwa zaka zosawerengeka yakhala ikukokolola ayodini m'nthaka. Mbewu zomera m'nthaka yotere nazonso zimakhala zopanda ayodini. Onjezanipo chinangwa chowawa. Chikapanda kuviikidwa ndi kuyanikidwa mokwanira, chimasiya m'thupi mankhwala omwe amatsekereza chithokomiro kukoka ayodini. Sitikunena kuti anthu asiye makaka, pakuti ndiwo amatipulumutsa chimanga chikatha. Tikunena kuti akonzedwe bwino, ndipo ndiwo zake zithiridwe mchere wa ayodini.

Zinthu zasintha kuchokera pomwe lamulo lothira ayodini mu mchere linakhazikitsidwa mu 1995. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana a sukulu ndi amayi ambiri anali ndi ayodini wokwanira. Nchifukwa chake zotupa zikuluzikulu timaziona kwambiri kwa amayi achikulire, omwe anakula mcherewu usanafale. Chotupa chomwe chakhala zaka makumi awiri sichiphwa chifukwa cha mchere, ndipo tiwauze zoona kuti asataye chikhulupiriro mwa ife.

Komabe si chotupa chilichonse chomwe chili cha kusowa ayodini, ndipo apa ndi pomwe manja athu ayenera kugwira ntchito. Mukhazikeni wodwala pa mpando pamalo owala. Yang'anani khosi, mpatseni madzi amwe, ndipo muone ngati chotupacho chikukwera pomeza. Kenako imani kumbuyo kwake nkupapasa ndi zala za manja onse. Chotupa chofewa, cha mbali zonse, chomwe chakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kawirikawiri sichikhala khansa. Chenjerani ndi kabulu kamodzi kolimba ngati mwala, kokula msanga, kosasuntha pomeza. Chenjeraninso ngati mawu asasa osachira, ngati akuvutika kumeza kapena kupuma, ndiponso ngati m'mbali mwa khosi muli mwanabele. Kabulu ka pachithokomiro mwa mwana kapena mwa mwamuna musakachedwetse. Wotere mtumizeni ku chipatala chachikulu cha boma, komwe aone ngati nkofunika kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Funsaninso ngati anawotchedwapo ndi makina a khansa pakhosi kapena pamutu ali mwana, komanso komwe anakulira, chifukwa m'zipatala zathu mumafika ndi alendo omwe.

Mukamva kuti wodwala wina anakamwetsedwa ayodini 131 ku chipatala cha kunja, musadabwe. Kuyambira 1941 madokotala amamugwiritsa ntchito mwadala, pa mlingo woyezedwa, kupha chithokomiro chogwira ntchito mopitirira kapena zotsalira za khansa. Wotere amauzidwa kutalikirana ndi ana ndi amayi oyembekezera kwa masiku angapo, ndipo mankhwalawa saperekedwa kwa woyembekezera kapena woyamwitsa.

Za mapiritsi oteteza

Ngozi ya nyukiliya itachitika, pali mapiritsi otchedwa potassium iodide. Ntchito yake ndi kukhutitsa chithokomiro ndi ayodini wabwino kuti woopsayo akafika apeze malo atadzaza. Dziko la Poland linachita izi mu 1986, pomwe linamwetsa madzi a Lugol ana opitirira 10 miliyoni ndi akuluakulu pafupifupi 7 miliyoni m'masiku ochepa, ndipo mavuto aakulu obwera ndi mankhwalawo anali ochepa zedi.

Mlingo womwe bungwe la WHO limalangiza ndi mamiligalamu 130 kwa wamkulu ndi mwana wopitirira zaka 12, mamiligalamu 65 kwa wa zaka 3 mpaka 12, mamiligalamu 32 kwa wa mwezi umodzi mpaka zaka 3, ndi mamiligalamu 16 kwa khanda losakwana mwezi. Oyamba kulandira ndi ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Nthawi ndiyo yovuta: amagwira bwino akamwedwa pasanathe maola 24 mtambo usanafike, kapena maola awiri utangofika. Pofika maola 8 amathandizabe pang'ono. Tsiku likadutsa akhoza kuipitsa zinthu, chifukwa amatsekera m'kati ayodini woopsa yemwe walowa kale. Khanda ndi mayi woyembekezera asapatsidwe kachiwiri, ndipo khanda lomwe lamwa liyezedwe pambuyo pake ngati chithokomiro chake chikugwira ntchito.

Mapiritsiwa si katemera. Amateteza chithokomiro chokha, kwa tsiku limodzi, ku ayodini yekha. Sateteza ku zina zomwe zimabwera ndi fumbi la bomba. Samwedwa chifukwa cha mphekesera, koma pokhapokha a Unduna wa Zaumoyo atalengeza. Ndipo chomwe Windscale ndi Chernobyl zinatiphunzitsa nchakuti kuletsa mkaka watsopano ndi ndiwo za masamba za m'dera lokhudzidwa, kutsekera ziweto m'khola ndi kuvundikira madzi kumateteza ana ochuluka pa mtengo wochepa.

Zinthu ziwiri zomwe anthu amathamangira akachita mantha tizikane poyera. Choyamba ndi ayodini wopaka pa mabala uja wa m'chipinda chomangira zilonda. Ameneyu sakumwa, amawotcha kummero ndi m'mimba. Chachiwiri ndi kudya mchere wambiri. Mu Malichi 2011, ngozi ya Fukushima itachitika ku Japan, anthu ku China anagula mchere mpaka unatha m'masitolo. Tiyeni tiwerengere. Piritsi la mamiligalamu 130 lili ndi ayodini wokwana mamiligalamu 100. Mchere wothiridwa bwino, tinene wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu, ungafunike makilogalamu awiri ndi theka kuti ufanane ndi piritsi limodzi. Munthu angafe ndi mcherewo asanafike ndi pa theka pomwe. Mchere wa ayodini umateteza mwa kudya pang'ono tsiku ndi tsiku, kuti chithokomiro chisakhale ndi njala.

Mchere wa pa msika

Mchere womwe timadya m'Malawi wambiri umachokera kunja, ndipo boma lathu lili pa malire. Wina umalowa pa chipata cha Muloza ndi mapepala ake, wina umadutsa m'tinjira pa njinga nkudzagulitsidwa pa milu m'misika, wopanda chikwama chosonyeza komwe wachokera. Kuuona ndi maso simungadziwe, ngakhale kuulawa. Alangizi omwe muli ndi timabotolo toyezera, donthezani dontho limodzi kapena awiri pa supuni ya mchere: ukasanduka wofiirira mobiriwira ngati inki, ayodini alimo, ukakhala woyera, mulibe. Yang'anani tsiku lothera ntchito pa kabotoloko, chifukwa kakale kamanamiza. Yezani ku sukulu, pa sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, pouza aliyense kubwera ndi kamchere ka kunyumba m'kapepala. Mukapeza wamalonda wa mchere wopanda ayodini, dziwitsani a zaumoyo wa malo a pa Boma.

Kunyumba mchere usungidwe m'chitini kapena m'botolo lotseka, kutali ndi moto, dzuwa ndi chinyezi, chimene kuno nyengo ya chiperoni sichisowa. Amayi ena amatsuka mchere wa miyala asanausinje poti ukuoneka wakuda, ndipo potero amataya ayodini ndi madziwo. Ena amauika pa tsanja pamwamba pa mafuwa kuti usanyowe. Onsewa tiwafotokozere modekha, ndipo tiwalangize kuthira mchere ndiwo zitatsala pang'ono kupsa.